MPWEYA WA M'BOTOLO UYESEDWE MUNTHU ASANATSIKE PANSI PA MADZI

Pa 27 Ogasiti, 1946, amuna awiri anatsika m'kasupe wamkulu wotchedwa Fontaine de Vaucluse, kum'mawa kwa mzinda wa Avignon m'dziko la France. Kasupeyo amatumphuka m'tsinde mwa thanthwe lalitali, ndipo ndiye gwero la mtsinje wa Sorgue. Amunawo anali Bambo Jacques-Yves Cousteau ndi Bambo Frédéric Dumas, a kagulu kofufuza za pansi pa nyanja kamene kanali m'manja mwa asilikari a pamadzi a dzikolo. Kumsana anabereka mabotolo achitsulo odzaza ndi mpweya, ndipo anapuma mwa chipangizo chimene Bambo Cousteau anakonza pamodzi ndi Bambo Émile Gagnan m'chaka cha 1943. Cholinga chao chinali kukaona kumene madziwo achokera, pakuti kuyambira kalekale anthu anali kuzizwa ndi kasupe amene amakhala phee miyezi yambiri, kenaka nasefukira mwamphamvu nyengo ya chisanu ikamatha.

Atapitirira mamita 40, mu mdima wa phangalo, zinthu zinasokonekera. Nzeru zao zinabalalika, mphamvu zinatha, ndipo Bambo Dumas analefuka kufikira kukhala ngati mtolo womangidwa ku chingwe. Bambo Cousteau nawo sanali kudziwanso bwino chimene anali kuchita. Amene anawapulumutsa ndi Bambo Maurice Fargues, amene anatsala pamwamba atagwira chingwe, nakoka ndi mphamvu zao zonse kufikira awiriwo anatulukira. Tsiku lomwelo Bambo Philippe Tailliez anatsika ndi mnzao wina, ndipo iwonso anabwerako mobvutika, atagwidwa ndi bvuto lomwelo.

Poyamba anaganizira kuledzera kuja kumene kumagwira munthu akatsika kozama, kumene kumadza ndi mpweya wa nitrogen. Koma kuledzera kumeneko iwo anali kukudziwa bwino kuchokera ku nyanja yamchere, ndipo za tsikulo sizinafanane nako. Atabwerera ku Toulon anayesetsa mpweya wotsala m'mabotolo, ndipo munapezeka carbon monoxide, gawo limodzi pa magawo 2,000. Kompuresa yao yatsopano, ndiyo makina opopera mpweya m'mabotolo, inali yoyendera dizilo, ndipo inali kumeza utsi wache womwe. Bambo Cousteau anasimba nkhaniyi m'buku lao lotchedwa The Silent World, la m'chaka cha 1953. Chofunika kuchisunga ndi ichi: amuna anai, akatswiri oposa onse a masiku amenewo, anapuma mpweya wa m'mabotolowo asanamire, ndipo panalibe mmodzi amene anazindikira kanthu.

Chiphe chopanda fungo

Carbon monoxide si mlendo m'dziko la Malawi, ngakhale dzina lache liri lachilendo. Ndiye mpweya uja umene umapha banja lathunthu m'mwezi wa Juni kapena Julaye, pamene anthu alowetsa mbaula ya makala m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera kaamba ka kuzizira, ndipo m'mawa mwache anansi awapeza ali gone, osadzukanso. Umabadwa paliponse pamene makala, nkhuni, petulo, dizilo kapena oilo zipsya popanda mpweya wokwanira. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sumveka pa lilime, ndipo sutsokomoletsa. Utsi umene maso amauona ndi umene mphuno imaumva ndi wa zinthu zina zoyenda nawo pamodzi. Chiphe chenichenicho chimalowa mwakachetechete.

M'mwazi wa munthu muli chinthu chofiira chotchedwa haemoglobin, chimene nchito yache ndiyo kunyamula oxygen kuchokera m'mapapo kunka nayo ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Carbon monoxide amakangamira pa haemoglobin ndi mphamvu yoposa ya oxygen kuwirikiza 200 ndi kupitirira. Akalanda malo sachokapo msanga, ndiponso amachititsa kuti oxygen yotsalayo iumirire m'mwazi m'malo motsikira m'minofu imene ikuifuna. Chotero munthu amapuma bwinobwino, chifuwa chiri kudzaza, koma ubongo wache uli kufa ndi njala. Bambo Claude Bernard a ku France ndiwo anaonetsa za m'ma 1850 kuti chiphechi chimagwira mwazi. Pambuyo pao Bambo John Scott Haldane a ku Scotland anachipuma okha mwadala kuti aone m'mene chimagwirira thupi, ndipo m'chaka cha 1896, atayesa mitembo ya anthu amene anafa pa ngozi ya mgodi wa malasha wa Tylorstown ku Wales, anapeza kuti ambiri sanaphedwe ndi kuphulikako ai, koma ndi mpweya wotsalira pambuyo pache. Ndiwo analangiza kuti a m'migodi azitenga mbewa kapena timbalame, popeza tinyama tating'ono timagwa msanga munthu asanagwe. Ndipo timbalameto tinagwira nchito m'migodi ya ku Britain kufikira 1986. Bambo Haldane omwewo ndiwo anakonza m'chaka cha 1908 malamulo a kakweredwe ka osambira pochokera kozama. Koma mbalame singatsekeredwe m'botolo la chitsulo, ndipo wosambira anayenera kupeza mboni ya mtundu wina.

Chifukwa chache pansi pa madzi pali poopsya koposa

Munthu ali pamtunda amapanikizidwa ndi kulemera kwa mlengalenga. Mamita 10 alionse a madzi amaonjezerapo kulemera kwina kolingana nako, kotero kuti pa mamita 10 kupanikizako kuli kawiri, pa mamita 30 kuli kanai, ndipo pa mamita 50 kuli kasanu ndi kamodzi. Chipangizo cha kukamwa chimapereka mpweya wothinana molingana ndi madziwo, ndipo chifukwa chache wosambira pa mamita 30 amalowetsa m'mapapo, pa kupuma kumodzi, mpweya wochuluka kanai, pamodzi ndi chodetsa chirichonse chimene chiri m'menemo. Gawo limodzi pa 2,000 la ku Vaucluse linasanduka pansi paja ngati magawo atatu pa 1,000, ndipo mpweya wotere umagwetsa munthu wamphamvu m'mphindi zowerengeka.

Pali msampha wina umene umabisika kwambiri. Pansi pa madzi oxygen nayonso imachuluka, ndipo ina imasungunuka m'madzi a m'mwazi niyenda yokha popanda kudalira haemoglobin. Imeneyi imagwiriziza thupi kanthawi, kotero kuti wosambira angathe kumva mutu pang'ono chabe, pamene chiphe chiri kuunjikana mwa iye msanga koposa m'mene chikanachitira pamtunda. Tsono akayamba kukwera kupanikiza kumachepa, oxygen yogwiriziza ija imatha, koma carbon monoxide amatsala pa malo ache. Munthu amakomoka ali pafupi kutulukira, kumene amayesa kuti zoopsya zatha. Chipangizo chimagwa m'kamwa, madzi nalowa. Imfa yotere imalembedwa kuti ndi ya kumira, ndipo ngati botolo siliyesedwa, wakupha weniweni sadziwika; mawa lache adzadzazanso mabotolo ena.

Zizindikiro zache n'zosavuta kuzinamizira china. Mutu kuwawa, chizungulire, mseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo, zonsezi munthu angazitche kugwedezeka kwa bwato, matsire a dzulo, kutentha kwa dzuwa, kapena malungo. Milomo yofiira kwambiri imene mabuku akale amaitchula imaoneka mochedwa, ndipo kawirikawiri sioneka konse.

M'mene chimalowera m'botolo

Botolo la malita 12 limalandira mpweya wopanikizidwa kuwirikiza 200, ndiye kuti malita 2,400 a mpweya wa panja. Wonsewo umadzera m'kompuresa imodzi, ndipo njira zolowera chiphe ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Vaucluse ija. Paipi yokokera mpweya ikakhala pafupi ndi ekizozi ya injini ya kompuresayo, kapena ya jenereta, ya bwato, ya galimoto imene yaima pabwalo injini iri kulira, utsi umamezedwa. Mwini makina angathe kuika paipiyo kumene mphepo ikuchokera m'mawa, koma mphepo ya pa nyanja imatembenuka masana, ndipo iye ali kalikiliki ndi nchito zina.

Njira yachiwiri ndi yochenjera kuposa yoyamba, pakuti imapezeka ngakhale pa kompuresa yoyendera magetsi imene iribe utsi konse. Mpweya ukamapanikizidwa umatentha kwambiri. Makina akakhala okalamba, kapena oikidwa m'kachipinda kopanda mphepo, kapena othiridwa oilo wosayenera, kapena oyendetsedwa tsiku lonse osapumula, oilo wa m'katimo amayamba kupsyerera, ndipo kupsyererako kumabala carbon monoxide m'kati mwa makina momwemo. Zingachitike kwa mphindi zochepa zokha pamene makina atenthetsa, nizileka akazizira. Chotero mwa mabotolo 20 odzazidwa tsiku limodzi, atatu angakhale oipa, otsalawo abwino.

Kompuresa iriyonse yabwino iri ndi sefa. M'sefamo muli timibulu toumitsa chinyezi, ndi makala okonzedwa mwapadera ochotsa oilo ndi fungo. Apa ndi pamene langizo lakale la m'masukulu a zosambira, lakuti munthu anunkhize mpweya asanaupume, limaperewera. Kununkhiza n'kwabwino, ndipo botolo lonunkha oilo kapena utsi liyenera kukanidwa pomwepo. Koma makala aja amachotsa fungo nasiya chiphe chidutse, monga mlonda amene agwira galu wouwa nalola mbala ilowe. Chimene chimathana ndi carbon monoxide ndi mankhwala ena otchedwa hopcalite, osakaniza manganese ndi mkuwa, amene anakonzedwa ku United States pa mapeto a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo dzina lao linatengedwa ku masukulu aukachenjede a Johns Hopkins ndi California. Amasandutsa chiphecho kukhala carbon dioxide. Koma si sefa iriyonse imene iri nao, ndipo ngakhale m'mene alimo amafa mphamvu akanyowa. Kumalo otentha mpweya umanyamula chinyezi chambiri, sefa imakhuta msanga, ndipo maola amene opanga analemba poyesera ku dziko lozizira sakwanira.

Malire amene anaikidwa, ndi mpata umene watsala

Maiko amene ali ndi osambira ambiri anaika malire. Ku Ulaya muyeso wotchedwa EN 12021, monga unakonzedwanso m'chaka cha 2014, umalola magawo 5 okha pa magawo miliyoni imodzi. Kale unali kulola 15. Ku United States muyeso wa Compressed Gas Association wotchedwa Grade E umalola magawo 10 pa miliyoni. Poyerekeza ndi zimenezi, mpweya wa ku Vaucluse unali ndi magawo 500 pa miliyoni, ndiko kupyola malire a ku Ulaya a lero kuwirikiza 100. Ku Britain akuluakulu oyang'anira chitetezo pa nchito amalangiza kuti mpweya wa kompuresa uziyesedwa kosachepera kamodzi pa miyezi itatu, ndipo masitolo ambiri odzaza mabotolo m'maiko osiyanasiyana amapachika chikalata cha kuyesako pa khoma.

Chikalatacho n'chofunika, ndipo sitolo imene iribe iyenera kufunsidwa chifukwa chache. Koma chimanena za tsiku limodzi lokha mwa masiku 90, ndipo kawirikawiri tsikulo ndi limene sefa iri yatsopano ndi makina ali ozizira. Sichidziwa za galimoto imene inaima pafupi ndi paipi Lachiwiri lapitali. Ngozi za mtundu umenewu sizinathere m'masiku a Bambo Cousteau. M'chaka cha 2008, ku zilumba za Maldives, mlendo wa ku Russia anamwalira ndipo anzache angapo anadwala atapuma mpweya wodzazidwa ndi kompuresa ya m'chombo chimene anali kugonamo. Anali anthu olipira ndalama zambiri, m'dziko limene kusambira pansi pa madzi ndi chuma chache chachikulu.

Ndicho chifukwa chache osambira ochuluka, makamaka amene amapita ku malo akutali, ayamba kuyesa okha botolo lirilonse. Zida zache ziripo za mitundu iwiri. Chakale ndi kachubu ka galasi kokhala ndi mankhwala osintha mtundu. Kampani ya Dräger ya ku Lübeck m'dziko la Germany inayamba kupanga totere m'chaka cha 1937. Munthu amathyola nsonga zache, napititsamo mpweya wa muyeso wodziwika, ndipo kutalika kwa banga limene laoneka kumasonyeza kuchuluka kwa chiphe. Kachubu kamodzi kamagwira nchito kamodzi, ndipo kali ndi tsiku lothera mphamvu. Chatsopano ndi kachipangizo ka batire, kosaposa foni ya m'manja kukula kwache. M'kati mwache muli kachigawo kamene, carbon monoxide akakakhudza, kamatulutsa mphamvu ya magetsi yaing'ono, ndipo mphamvuyo imaoneka ngati nambala. Wosambira amakayatsa panja pa mpweya woyera kuti kayambire pa ziro, natsegula botolo pang'ono kuti mpweya utuluke mwa phee, nadikira. Mphindi imodzi imakwanira.

Kachipangizo nakonso kangathe kunama. Kachigawo ka m'kati kamakalamba patapita zaka zochepa, kaya kagwiritsidwa nchito kaya ai, ndipo kakafa kamasonyeza ziro pa botolo lirilonse, ziro amene ali woopsya kuposa kusayesa konse. Kayenera kuyerekezedwa nthawi ndi nthawi ndi mpweya wa muyeso wodziwika. Ena, pofuna kuona ngati kali moyo, amapempha munthu wosuta fodya kuti apumirepo, pakuti mpweya wa wosuta umakweza nambala. Njira imeneyi imaonetsa kuti kachipangizo kadzuka, koma sionetsa kuti kakuwerenga molondola. Ndipo nambala ikaoneka, wanzeru sadikira kuti ifike pa malire a lamulo. Mpweya wa panja kutali ndi injini sufika ngakhale gawo limodzi pa miliyoni, kotero botolo losonyeza 3 kapena 4 liri kunena kuti ku makina kwayambika kanthu, ndipo botolo lotsatira lingakhale loipa koposa. Eni makompuresa osamala amaika chida chotere pa makina penipeni, choyesa mpweya nthawi zonse ndi kuzimitsa injini nambala ikakwera.

N'zodabwitsa kuti mwambo woyesa ulipo kale pakati pa osambira. Amene amapuma nitrox, ndiwo mpweya woonjezeredwa oxygen, amaphunzitsidwa kuyesa botolo lao ndi dzanja lao, kulemba nambala pa botolopo, ndi kusaina m'buku, ndipo palibe mwini sitolo amene amakwiya nazo. Koma chida choyesera oxygen sichiona carbon monoxide. Munthu yemweyo amene sangalowe m'madzi osadziwa kuchuluka kwa oxygen amalowa osafunsa za chiphe. Ena amati chidacho n'chodula; koma mtengo wache sufika pa wa zida zina zimene wosambira amabvala, ndipo gulu lonse lingathe kugwiritsa nchito chimodzi. Ena amaopa kuti kuyesa pamaso pa mwini sitolo n'kumunyoza. Manyazi otere ndiwo aja akulu anati safunsa anadya phula. Mwini sitolo woona mtima ndiye woyamba kupindula, popeza iye ndi anchito ache amapuma mpweya womwewo tsiku ndi tsiku, ndipo mphuno yache siiposa ya mlendo.

Pa nyanja ya Malawi

Nkhani imeneyi siiri kutali ndi dziko lino. Ku Nkhata Bay, ku Kande, ku Cape Maclear ndi ku Likoma alendo amatsika pansi pa madzi kukaona mbuna, nsomba zokongola za m'miyala zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ilembedwe ndi UNESCO m'chaka cha 1984 pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Ana a dziko lino amagwira nchito yotsogolera alendowo, ena amagwira nsomba zamoyo zotumiza kunja, ndipo ena amatsika pa nchito zopulumutsa anthu ndi zokonza zinthu za pansi pa madzi. Zonse zimene zimabvutitsa kompuresa zimapezeka m'mbali mwa nyanja: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, chinyezi cha dzinja, majenereta, injini za mabwato pa doko, ndi mtunda wautali umene sefa yatsopano imayenda kuti ifike.

Boma laika nchito yokopa alendo pakati pa zinthu zotukula dziko, ndipo mbiri yabwino ya nyanja ndi chuma chimene chiyenera kutetezedwa ndi onse amene amadyerapo. Si zonse zimene ziyenera kudikira lamulo. Buku lolembamo maola amene makina ayenda ndi tsiku losinthira sefa, paipi yotalikitsidwa ndi kukwezedwa kutali ndi utsi, oilo woyenera, ndi chida choyesera choikidwa poyera pamene mlendo ndi wanchito angachitenge osapempha, zonsezi mwini malo angazichite yekha sabata lino. Amene ali pa ngozi yaikulu koposa ndi osambira opumira pa paipi yaitali yochokera ku kompuresa yaing'ono ya m'bwato, pakuti pamenepo injini ndi malo okokera mpweya zimakhala moyandikana, ndipo mpweya umapita kwa munthu nthawi yomweyo. Kwa iwo mnzao wotsala m'bwato, woyang'ana mphepo ndi utsi, ali pa udindo umene Bambo Fargues anali nao.

Ngozi ikachitika, wodwala atulutsidwe m'madzi, apatsidwe oxygen yokhayokha msanga, ndipo atengeredwe ku chipatala ngakhale atanena kuti wapeza bwino, popeza ubongo ungathe kuonetsa kubvulala kwache patapita masiku. Pa mpweya wamba thupi limataya theka la chiphe m'maola anai kapena asanu. Pa oxygen yokhayokha limatero mu ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. A chipatala auzidwe momveka kuti akuganizira carbon monoxide, chifukwa kachida kopanira ku chala koyesera oxygen sikasiyanitsa mwazi wonyamula oxygen ndi wonyamula chiphe, ndipo kangasonyeze nambala yabwino pa munthu amene ali pafupi kufa. Anthu awiri kapena atatu akadwala mutu pamodzi atapuma mpweya wa kompuresa imodzi, kusambira kuimitsidwe tsiku limenelo. Botolo la wodwala litsekedwe, lisakhuthulidwe, lisungidwe kuti likayesedwe. Mabotolo onse odzazidwa nalo pamodzi aikidwe padera, ndipo makina asalizidwenso kufikira mmisiri atawatsegula.